Diresi ya Mayamiko yandikhalitsa ndithu

Abale inu amene mumati zovala zabwino ndi zakunja zokha, tayesani za kampani yosoka zovala ya Mayamiko. Amasokera ku Chinsapo konkuno ku Lilongwe, osoka ake ndi amayi akomweko omwe anaphunzitsidwa utelala, nsalu zake ndi zitenje zathu zomwezi. Diresi yangayi ndachapa kambirimbiri koma msoko uli gwa, mkatimu anapinda bwinobwino osati zija ulusi uli lendelende ungovala kawiri kwakhwapa kwang'ambika kale. Tizidutswa totsala satayanso, amasokera tinthu tina. Paja mu 2019 Meghan Markle, mkazi wa Prince Harry wa ku Britain uja, anavala diresi yawo ku Cape Town, nde musawaderere. Mtengo wokha musayerekeze ndi wa kaunjika ayi, ineyo ndinachita kudikira kaye mwezi uthe.