Suti ndi dzina laulemu zinandidyera mayuro 450 ku Spain

Abale anga amene mukulota zobwera ku Spain, dziwani kuti ife tinaleredwa kugwadira aliyense wotchedwa bwana, ndipo akathyali akuno amaliona msanga khalidwe limeneli.

Mawu akuti Don ndi Doña, amene amaikidwa patsogolo pa dzina loyamba la munthu, kale anali a anthu a m'mabanja apamwamba, koma lero amalembedwa pakalata ya munthu wamkulu aliyense, moti ngakhale ine wothyola tomato ku Almería ndimalembedwa choncho. Señor ndi Señora amatsagana ndi dzina la banja, ndipo usted ndi "inu" wathu yemweyu. Palibe ngakhale limodzi mwa mawu amenewa losonyeza kuti munthu anaphunzira za malamulo.

Bambo wina wovala suti, yemwe aliyense ankamutchula Don, anadzitcha asesor, kutanthauza mlangizi, wodziwa za mapepala a alendo. Anandilipiritsa mayuro 300 kuti andipezere cita previa, tsiku lokaonekera ku ofesi, ndi ena 150 a empadronamiento, kulembetsa malo amene ndikukhala. Zonse ziwirizi boma sililipiritsa ngakhale senti imodzi! Analonjeza kuti khadi londilola kukhala m'dzikomo lituluka m'miyezi itatu, osandipatsa lisiti, kenaka foni yake inasiya kupezeka.

Dzina lakuti asesor aliyense angathe kudzipatsa. Loya weniweni ndi abogado, ndipo ayenera kukhala wolembetsedwa ku Colegio de Abogados, bungwe la maloya, ndi nambala imene mungaifufuze nokha pa intaneti. Zimenezi anandiuza ndi mayi wina loya wa kaofesi kakang'ono, amene anakana kuti ndizimutchula Doña. Anandilembera nambala yake ndisanapemphe, analandira mayuro 40 okha n'kundipatsa lisiti, ndipo anandiuza mosabisa kuti chilolezo chokhala m'dzikomo chotchedwa arraigo social chimafuna kuti munthu akhale atakhala m'dzikomo zaka ziwiri (zinali zitatu mpaka mu Meyi 2025), choncho lonjezo la miyezi itatu linali bodza kuchokera pachiyambi.

Lekani kugulitsa minda ndi ng'ombe za makolo chifukwa chakuti m'bale wanu wakuuzani kuti akudziwana ndi Don wina wamphamvu. Mukakumana ndi wotere, m'patseni ulemu wake, koma m'funseni nambala yake ya Colegio musanatulutse chikwama, ndipo akakwiya ndi funsolo nyamukani muzipita.