Sitolo ya zovala ija yakonza webusaiti yake

Chaka chatha ndinaleka kugula pa webusaiti ya sitolo ina ya zovala ku Lilongwe. Zithunzi zinkachedwa kutseguka, bandulo mpaka kutha ndisanaone ngakhale diresi limodzi. Sabata yatha mng'ono wanga anandiumiriza kuti ndiyeserenso pa foni, ndipo zinthu zasinthadi. Zithunzi zikutseguka msanga, komanso ukazikulitsa ndi zala nsalu ikuoneka bwinobwino, ndi msoko womwe. Chandisangalatsa kwambiri n'chakuti saizi alemba m'masentimita: chiuno, chifuwa, kutalika. Ndinadziyeza ndi tepi ya atelala apafupi nafe, siketi yabwera yondikwana ndendende. Kulipira pa Airtel Money sikunavute. Koma batani logulira alikulitseko, chonde. Ndinaliphonya kawiri konse.