Kadishi ka padenga langa si ka Starlink, nayi nkhani ya intaneti yomwe ndikugwiritsa ntchito

Anthu mwandifunsa kokwana kuti kadishi koyera kali padenga la shopu yanga ndi ka chani, ena mpaka kumati ndagula Starlink mobisa, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Kadishi kameneka sikayang'ana kumwamba ayi, kamayang'ana kuphiri la Mpingwe komwe kuli nsanja ya kakampani kena kogulitsa intaneti yopanda waya. Dzina sinditchula poti pali zina ndiwadandaule m'munsimu ndipo ndi anthu oti timakumana mu Limbe. Pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4, koma yachinayiyo ndi ya mnyamata mmodzi yekha, osati ya ofesi yawo.

Ine ntchito yanga ndi fotokope, kusindikiza, kutumizira anthu ma CV, kudzazira ana mafomu a sukulu pa intaneti, zoterozo. Kale ndinkayendera mabandulo a pafoni, mwezi usanathe ndagula kanayi, makamaka kompyuta ikangoganiza zodzipangira update ine ndili kotanganidwa ndi kasitomala. Mu Ogasiti 2023 ndinatopa nazo nkuwaitana anyamatawa.

Tsiku loyamba sanabwere ndi chipangizo chilichonse, makwerero basi. Tekinishani wake, mnyamata wowonda wosakonda zoyankhulayankhula, anakwera padenga nkuima phee kuyang'ana kuphiri mwina mphindi 10, potsika akuti "akulu, nsanja ikuoneka koma mango awo adzatipweteka, tiike paipi yaitali." Ine ndinaseka. Mtengowo ndi wa amayi a kuseri kwathu, uli kutali ndithu mwina mamita 100, ndipo nsanja imaoneka pamwamba pake bwinobwino ndi maso angawa. Ndinaona ngati akufuna kundidyera ya paipi. Iye anajambula pa kapepala ka lisiti, akuti mafunde a wailesi sayenda ngati ulusi wowongoka, amatupa pakati ngati mbatata, mbali ziwirizi nkumasongoka. Dzina lake akuti Fresnel zone. Pa mtunda ngati wathuwu wa makilomita 4, pa mafunde a 5 GHz omwe kadishika kamagwiritsa ntchito, pakatikati pamafunika mpata wa mamita 7 kapena kuposa kuzungulira mzerewo, ndipo ngakhale pomwe pali mangopo pamafunikabe mamita awiri ndi kanthu. Ndinamva, ndinagwedeza mutu, ndinakanabe kugula paipi. Izi zikumbukireni.

Zomwe anamangirira ndi LiteBeam 5AC ya kampani ya Ubiquiti ya ku America, kadishi kopepuka, magetsi ake amadzera mu kebulo yomweyo ya intaneti kuchokera pa kabokosi kakang'ono kotchedwa PoE komwe kamakhala m'nyumba. Rauta anandipatsa ya MikroTik, ya ku Latvia, yosaoneka bwino kwenikweni koma siidandaula. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi magetsi. Kadishi kameneka sikapitirira mawatsi 7, nde magetsi akathima kabatire kanga ka sola kamayendetsa dishi ndi rauta tsiku lonse osamva kanthu. Sigino inali pa -58, ndipo kwa amene simukudziwa, nambala imeneyi ikamayandikira ziro ndiye zili bwino, ikamapita ku ma -70 uko mwayamba kulira. Miyezi itatu yoyamba zinali bho zedi, liwiro la 10 Mbps lomwe ndinalipira limafika, kuyimba vidiyo ndi mlongo wanga ku Johannesburg osadukaduka.

Kenako mvula. Pofika Disembala nthambi zakula, masamba ali chinyowere, mango ali lendelende, sigino inatsika kufika -72 ndipo mvula ikamagwa tsamba limodzi kutseguka kumachita kudikira ngati minibasi ya Lamulungu. Ndinayimba foni nditakwiya, mnyamata uja anabwera mawa lake, sananene kuti ndinakuuzani, anangoyang'ana mtengo uja nkuyang'ananso ine. Paipi ndinagula, pamtengo wokwera kuposa wa mu Ogasiti poti mu Novembala kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti ndipo chilichonse chachitsulo chinali chitauluka. Vuto limenelo linali langa, sindiwanamizira.

Koma awa ndi awo. Choyamba, nsanja yawo inalibe mabatire okwanira, magetsi akathima maola atatu kwanga kuno zonse zikuyaka koma kuphiri kwazima, nde phindu la sola yanga lili pati. Anadzakonza patapita miyezi, koma nthawi yonseyo ku ofesi amangoti "tikuyang'ana bwana". Chachiwiri, mphenzi. Kebulo yomwe anakoka kuchokera padenga inali wamba ya m'nyumba, yopanda chotchinga, sanaike waya wopita pansi kapena kotetezera, nde usiku wina mu Januwale kunang'anima kamodzi kabokosi ka PoE nkupsa pamodzi ndi doko limodzi la rauta. Anandilipiritsa ine. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa malo okwera ngati kuno aliyense amadziwa mmene ziphaliwali zimachitira, kebulo yapanja yeniyeni bwenzi ataika tsiku loyamba lomwe ngakhale akanandiuza kuti ndiwonjezere ndalama. Chachitatu, sananene poyera kuti 10 Mbps ija ndi yogawana. Masana ndekha ndimasambira, ikangokwana 7 koloko madzulo aliyense ali pa YouTube ndi TikTok, imatsika mpaka 3.

Pa nkhani ya madzuloyi mpomwe ndinaphunzira zambiri, chifukwa mnyamata uja anakhala nane mu shopu mpaka usiku laputopu ili pa kauntala. Anatsegula kena kake kotchedwa airView komwe kamaonetsa phokoso la mumlengalenga mwa mitundumitundu, ndipo chithunzi chake chinali chofiira pafupifupi paliponse. Akuti vuto si kuchuluka kwa makasitomala kokha, komanso 5 GHz ili ngati mjigo wa mudzi wonse, makampani ena ali paphiri lomwelo, marauta a m'nyumba za anthu, makamera a m'mafakitale, aliyense akutunga pomwepo ndipo wina akakweza mphamvu mnzake nayenso amakweza, mapeto ake onse akukuwa palibe akumva. Makampani a mafoni alibe vuto limeneli chifukwa mafunde awo amalipira ku MACRA, bungwe loyang'anira zamtokoma ndi mauthenga, ndi munda wawo wokhala ndi malire, wina sangalowemo. Chomwe anachita chinandidabwitsa, anachepetsa tchanelo, kanjira ka mafunde komwe kadishi kanga kamadutsamo, kuchoka pa 40 MHz kufika pa 20 nkusamukira pena pomwe panali pa zii. Ine ndimaganiza kuti kuchepetsa ndiye kuipitsiratu, koma akuti tchanelo chachikulu chimanyamula zambiri inde koma chimatolanso phokoso lambiri. Kuyambira tsiku limenelo madzulo ndimapeza 6 kapena 7. Siyonse, koma ntchito imatheka.

Anandiuzanso za matchanelo ena omwe wailesi ikangomva radar imayenera kuchokapo yokha, amati DFS, nde ukaona intaneti yaduka kwa mphindi imodzi popanda chifukwa nthawi zina ndi zimenezo. Ndipo akuti alipo anyamata ena a m'makwalala omwe amanamiza wailesi kuti ili dziko lina kuti ituluke kunja kwa malire ololedwa, kumeneko kumakhala kwa phee zoona koma nkuba, ndipo tsiku lomwe a MACRA adzagogode amene adzakhale opanda intaneti ndi kasitomala. Nde musanalipire aliyense mufunseni layisensi. Kugulitsa intaneti kuno kumafuna chilolezo, si nkhani yongogula dishi nkuyamba kutolera ndalama kwa aneba.

Tekinishani uja maso ake onse ali pa mafunde a 6 GHz, amaikamba ngati mtsikana amene akufuna kumufunsira. Ku America anaitsegula mu 2020, 1,200 MHz yathunthu kuti Wi-Fi ndi makampani ang'onoang'ono ngati awa azigwiritsa ntchito. Koma pa msonkhano waukulu wa ITU, bungwe logawa mafunde padziko lonse, ku Dubai kumapeto kwa 2023 chigawo chapamwamba, 6425 mpaka 7125 MHz, chinalozedwa ku makampani a mafoni m'dera lomwe muli Africa ndi Ulaya, nde chotsalira ang'onoang'ono ndi chapansicho, chomwe South Africa inatsegula kale chaka chomwecho. Iye amati akuluakulu adya nyama atisiyira msuzi. Ine poganiza za mango aja ndinakumbuka zomwe a Chancellor College ndi MACRA anayesa ku Zomba mu 2013, kutumiza intaneti pa mafunde a TV omwe sakugwiritsidwa ntchito, poti mafunde otsika ngati amenewo amapyola mitengo bwino kuposa 5 GHz. Zikanafala zimenezo mwina paipi ija sindikanagula.

Za Starlink, inde inafika kuno mu 2023 ndipo mnyamatayu sanabise kuti makasitomala awo akuluakulu angapo anathawira komweko. Ndaionapo ikugwira ntchito, liwiro lake si locheza, ndipo ngati muli ku munda kutali komwe simuona nsanja iliyonse musavutike nkuwerenga zonsezi, gulani imeneyo. Ine masamu anga anakana. Zipangizo zake ugule wekha, dishi yake yaikulu ija imadya mawatsi 50 kupita m'mwamba nde kabatire kanga sikangalimbe, ndipo pa ntchito ya ma CV ndi mafomu liwiro lonselo ndikalitani. Komanso ine ndimafuna munthu woti ndikamuyimbira akwere padenga.

Mpomwe pali mantha anga pomwepo. Kampani yonseyi kwa ine ndi mnyamata mmodzi uja, ku ofesi foni amayankha mochedwa, lisiti mpaka uchite kukumbutsa kawiri, ndipo mtengo wa pamwezi akweza kawiri ndi uthenga wa pa WhatsApp wa tsiku limodzi, ngakhale pamenepo ndimawamvetsako pang'ono poti zipangizo zonsezi amagula ndi madola omwe akusowawa. Tsiku lomwe adzapeze ntchito kwina ndidzabwera kudzachotsa nyenyezi.

Amene muli mbali ya Bangwe, Namiyango ndi Limbe ndipo mukufuna zoterezi, muwauze abwere kudzaona kaye malo asanalandire kobiri, muwafunse nambala ya sigino pamaso panu, kebulo ikhale yapanja ndi waya wopita pansi, ndipo afotokoze kuti madzulo mudzapeza zingati osati za masana. Akanena za paipi yaitali musachite makani ngati ine.

Mtengo uja ukukulabe. Ndinapita kwa amayi aja kukapempha kuti tisadzeko nthambi ziwiri zapamwamba, anandiyang'ana nkuti "mwana wanga, mango amenewa ndi amene amalipira fizi ya mdzukulu wanga, iwe mphepo yakoyo imabala chani?" Tinagwirizana kuti ndizisadza kamodzi pachaka akamaliza kukolola, ndipo mdzukuluyo ali ndi pasiwedi ya Wi-Fi yanga, moti 6 Mbps ya madzulo ija tikugawana awiri.