Kabala kathu ka ku South Bend: nkhuku imachedwa koma mkangano wa malefali ndi waulere

Ndakhala ndikulonjeza kuti ndidzalemba za malo amene timaonerako mpira wa chiAmerica wa makoleji Loweruka, nde lero ndapeza kampata. Dzina sinditchula, a ku South Bend mukukadziwa kale kabala kaja ka pakona, kokhala ndi chitseko chobiriwira cholimba kutsegula chija, ulendo wa mphindi 10 kuchoka ku stadium ya Notre Dame, timu ya yunivesite ya konkuno, ngati msewu sunadzadze. Ndapitako maulendo 7 season ya 2024, ena ndili ndi alamu anga, ena ndekha, ndiye ndikuganiza kuti ndili ndi ufulu woyankhulapo.

Ine mpira wa chiAmerica ndinkaunyoza heavy. Munthu wokulira pa Kamuzu Stadium, wozolowera derby ya Bullets ndi Noma, undiuze kuti mpira ndi wonyamula m'manja, wooneka ngati papaya, anthu agwetsana masekondi 6 kenako aima kukambirana ngati msonkhano wa mpingo? Alamu ndi amene anandikoka mokakamiza, amvekere tiyeni alamu olo mukangodya mapiko a nkhuku basi. Pano ndine amene ndimayamba kuwaimbira foni Lachisanu.

Chimene chinandigwira pa malo amenewa ndi chinthu chaching'ono koma mabala ambiri kuno sachita: TV yaikulu ya pakati amaisiya ndi mawu. Kwina amatseka mawu n'kuika nyimbo, iwe ukungoona mbendera yachikasu yosonyeza kuti wina walakwa yagwa pansi, malefali 8 aunjikana, mpira wabwerera m'mbuyo, osadziwa kuti chalakwika n'chani. Pomwe mpira uwu lefali wamkulu, wachipewa choyera uja, amakhala ndi maiki ndipo amaima pakati pa galaundi kulengeza chigamulo chake anthu onse akumva. Nde pa bala imeneyi akangoyatsa maiki, mayi wogulitsa mowa uja amakweza volume, bala yonse zii, mpaka wokazinga tchipisi amasuzumira pa kawindo ka kukhitchini. Akamaliza kulengeza ndi pamene chipwirikiti chimayambika.

Ndiye pali mdala wina amakhala kumapeto kwa kauntala, mzungu wa imvi, akuti ankaimbira magemu a masekondale zaka zambiri asanapume. Sagwira ntchito pamenepo koma kunena zoona eni bala akuyenera kumamulipira chifukwa theka la ife timabwera kudzamumvera iyeyo. Tsiku langa loyamba mnyamata wina anawakha mpira m'mphepete mwa mzere, phazi limodzi mkati linalo kunja, lefali n'kuvomera. Ine ndinakuwa kuti waba ameneyo, Lamulungu lapitalo ndinaona zomwezi ku NFL, ligi ya akatswiri ija, anakana! Mdala anangondikodola, amvekere bwera pano young man. Anatenga botolo la tomato sosi kukhala wosewera, ka straw kukhala mzere, n'kundionetsa kuti ku makoleji phazi limodzi ndi lokwanira, mapazi awiri ndi lamulo la NFL. Kenako anapendeketsa botolo lija pang'ono kuti bondo likangokhudza pansi ku koleji gemu yaima pompo olo palibe wakugunda, pomwe ku NFL ukagwa wekha umatha kudzuka n'kupitiriza. Sosi anadontha pa kauntala, mayi uja anamuyang'ana diso loipa, iye osasamala.

Kuchokera tsiku limenelo ndinazindikira kuti mikangano yambiri ya mpira uwu imazungulira pa funso limodzi, loti mpira unali m'manja mwa ndani ndipo kuyambira nthawi yanji. Zikumveka zachibwana koma ayi ndithu. Awiri akaugwira limodzi m'mwamba n'kugwa nawo pansi, umapita kwa timu imene inauponya. Ukaupulumutsa ukuthamanga n'kugubudukira kutsogolo mpaka kutuluka m'mbali, umabwerera pamene unapulumukira, timu yako imakhala nawobe. Koma ukapulumuka pafupi ndi chigoli n'kutulukira ku end zone ya adani, kadera kogoletsera ka kumapeto kwa galaundi kaja, basi waluza, umapita kwa iwowo pa mzere wa mayadi 20. Lamulo limeneli mpaka lero limandinyansa, munthu wathamanga galaundi yonse, watambasula mkono kuti agoletse, mpira wapulumuka pang'ono chabe, n'kumulanda zonse. Mdala amati ndi chilango cha dyera. Ine ndimati ndi nkhanza basi, ndipo tinasiyana pamenepo osagwirizana.

Gemu imene amakonda kuphunzitsira ndi Fiesta Bowl ya pa 28 December 2019, Clemson ndi Ohio State. Trevor Lawrence wa Clemson anaponyera mnzake Justyn Ross, Ross anaugwira ndi manja awiri, anapondapo masitepe angapo, Jeff Okudah wa Ohio State n'kuugwetsa, mnzake Jordan Fuller anautola n'kuthamanga nawo mpaka touchdown, chigoli cha mapointi 6. Pa galaundi malefali anavomera kuti ndi fumble, kutanthauza kuti Ross anali ataugwira kenako n'kuupulumutsa. Atapita ku replay anatembenuza, akuti Ross anali asanaugwire mokwanira, ndiye mpira unangogwa chabe, touchdown yafufutidwa. Clemson inapambana 29-23, kutanthauza kuti mapointi 6 aja ndi amene anasiyanitsa. Mdala anationetsa pa foni yake kangapo, slow motion ikuonetsa ngati waugwira bwinobwino, pa liwiro lenileni ikuoneka ngati kamphindi chabe. Mfundo yake ndi yoti lamulo limati kuti replay isinthe chigamulo pafunika umboni wosakayikitsa, nde ngati anthu 30 mu bala tikuonera kanema mmodzi yemweyo n'kugawikana pakati, kusakayikitsako kuli pati? Apa pokha ndinagwirizana naye. Ndipo tangoganizani, anthu a ku South Bend kuikira kumbuyo Ohio State, zimenezo sizichitika wamba.

Koma ngati mukufuna kuona bala yonse itapenga, tchulani 2005. Ine ndinalakwitsa kufunsa mosadziwa kuti kodi Bush Push ndi chani, eeh, zinali ngati ndatukwana pamaliro. Pa 15 October chaka chimenecho USC, timu ya ku California, inabwera konkuno, Notre Dame itavala majezi obiriwira, ikutsogola 31-28 kutatsala masekondi ochepa. Matt Leinart wa USC anathamangira ku chigoli, anamugunda, mpira unapulumuka n'kutuluka panja. Wotchi inapitirira mpaka 0:00, ana asukulu analowa m'galaundi kusangalala kuti apambana. Malefali n'kuti ayi bwererani, mpira unatuluka panja nde wotchi imayenera kuima, anabweza masekondi 7 n'kuuika pa yadi 1. Chowawa chake n'choti USC inalibe timeout yoimitsira wotchi, Leinart akanagwa ndi mpira m'manja nthawi ikanatha, ndiye kuupulumutsa kuja ndi kumene kunawapulumutsa. Kenako Leinart anayesa kulowa, anamutchinga, mnzake Reggie Bush anabwera kumbuyo n'kumukankhira mkati. Nthawi imeneyo kukankha mnzako wonyamula mpira kunali koletsedwa, koma mbendera sinagwe, USC 34-31. Lamulolo anadzalisintha mu 2013, pano kukankha n'kololedwa, zimene anthu apa zimangowawonjezera mkwiyo. Bambo wina wojintcha anandifotokozera zonsezi atandigwira paphewa, maso ali psuu ngati zachitika dzulo, mpaka tchipisi changa chinazizira.

Akuluakulu ena amabwerera mpaka ku Orange Bowl ya pa 1 January 1991, pamene Rocket Ismail wa Notre Dame anathamanga mayadi 91 mpaka touchdown kumapeto kwa gemu, malefali n'kukana chifukwa cha clipping, kugunda mdani m'miyendo chakumbuyo, Colorado inapambana 10-9. Colorado yomweyonso miyezi itatu m'mbuyomo inagonjetsa Missouri 33-31 itapatsidwa down yachisanu, mwayi woyesera umene umayenera kuthera pa 4, chifukwa malefali anasokoneza kuwerenga. Kuwerenga mpaka 4 kokha abale. Ndimaganiza kuti zoterezi zimachitika ku mpira wa m'maboma kwathu kokha.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo. Choyamba ndipo chachikulu, ma TV awo sayendera limodzi. Ya pakati ija ili pa cable, za m'mbali zili pa intaneti, nde zimatsalira masekondi mwina 20. Ukakhala ku matebulo a kumbuyo umamva anthu akukuwa touchdown iwe ukuonabe quarterback, woponya mpira uja, akuwomba m'manja kuitanitsa mpira. Choipitsitsa ndi nthawi ya replay, anzako amva kale chigamulo ayamba kutukwana, iwe lefali wako akadali ndi mahedifoni kuyang'ana kasikirini. Ndinawauza kawiri, anati akonza, season yatha sizinasinthe. Malangizo anga ndi oti fikani ola lathunthu gemu isanayambe mukhale pa kauntala, apo bii mukhala mukuonera mbiri yakale.

Chachiwiri ndi khitchini. Mapiko a nkhuku ndi abwino ndithu, okhala ndi khungu lokhuthala bwino, sosi wa tsabola uja amayesetsa ngakhale kwa ife ozolowera kambuzi ndi masewera a ana. 12 ndi $17, tchipisi $5, kenako tip pamwamba, musaiwale kuno si ku Chigwirizano. Koma kuchedwa kwake! Tsiku lina ndinaitanitsa kota yoyamba ikuyamba, mbale inafika halftime ili pafupi, ndipo mukudziwa kota imodzi ya mpira uwu ndi mphindi 15 pa wotchi koma pafupifupi ola m'moyo weniweni. Wophika ndi mmodzi, ndipo monga ndanena kale amasuzumira pawindo replay iliyonse, nde gemu ikakhala ya mikangano yambiri konzekani njala. Burger ndinayesa kamodzi, youma ngati chigumu chogona, sindidzabwerezanso. Chimbudzi cha abambo n'chimodzi, pa halftime mzere umafika pa chitseko cholowera.

Ogwira ntchito alibe vuto. Mayi wa pa kauntala uja anandiloweza pa ulendo wachiwiri, amadziwa kuti alamu samwa mowa ndipo amawabweretsera ginger ale asanafunse. Palibe amene anatiyang'anapo modabwa kuti anthu akuda olankhula chinenero chachilendo akutani muno, chimene amafuna kudziwa n'choti uli mbali iti basi. Ana amaloledwa masana, koma ikakhala gemu ya usiku asiyeni kunyumba, mawu amene amatuluka mbendera ikagwa si oti mwana akabwereze ku Sunday school.

Usiku wa final ya makoleji, Notre Dame ndi Ohio State, pa 20 January 2025 tinali pomwepo, kunja kukuzizira koopsa, mkati modzaza osapumika. Ohio State inatichapa 34-23 ndipo chodabwitsa panalibe wodandaula za malefali kwenikweni, tinangoluza basi, anthu anatuluka mwakachetechete. Mdala anakhalabe pa mpando wake akupukuta magalasi, ndinamufunsa kuti madala lero palibe mlandu? Anati dikira September.

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5, imodzi ndachotsa chifukwa cha ma TV otsalira aja ndi burger. Parking ya kutsogolo imadzadza msanga tsiku la gemu ya pakhomo, imikani mu kamsewu ka kuseri, ndipo idyani kaye kansima kunyumba musananyamuke.