SM58, Beta 58A, e945 ndi OM7: maiki iti imakana gitala?

Magulu oimba nyimbo za sungura ku Mbare ndi Highfield mumzinda wa Harare, ngakhalenso oimba a m'matchalitchi a CCAP amene ali ndi magitala, dandaulo lawo ndi limodzi: ukakweza mawu a woimba pa mikisa, gitala nayonso ikwera. Musanagule maiki ina, onani kumene phokosolo likuchokera, chifukwa maiki iliyonse ili ndi mbali imene imamva ndi mbali imene ili gonthi.

Shure SM58, imene inatuluka mu 1966, ndi ya cardioid, kutanthauza kuti imamva kwambiri kumaso kwake. Kumbuyo kwake, pa madigiri 180 kuchokera kumaso, ndi gonthi, koma cham'mbali, pa madigiri 90, imangochepetsa phokoso ndi 6 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso). Woimba akamadziimbira yekha gitala ya bokosi pachifuwa, gitalayo imakhala m'mbali momwemo, ndiye imalowa ndithu. Ubwino wake ndi woti imalolera: woimba atembenuze mutu pang'ono, mawu sathawa. Sennheiser e835 ili m'gulu lomweli.

Shure Beta 58A ndi Sennheiser e945 ndi za supercardioid, zimene mbali yake yomva ndi yopapatiza kuposa cardioid. M'mbali zimachepetsa pafupifupi 9 dB, ndipo ugonthi wake uli cha pa madigiri 125. Koma kumbuyo kwenikweni zimamvako pang'ono, choncho sipika ya monitor, imene woimba amadzimvera nayo pa siteji, isakhale kumbuyo kwa maiki ngati mmene timachitira ndi SM58. Isunthireni cham'mbali, apo ayi ilira mluzu. Beta 58A imakweza mawu opyapyala, ndipo gitala ya lidi ya sungura imakhala momwemo: yochepa imene yalowa imamveka yobaya. Pa ziwirizi, e945 ndiyo yofewerako m'khutu.

Audix OM7 ndi ya hypercardioid, yopapatiza kuposanso supercardioid. Maiki za mtunduwu zimadula mpaka 12 dB m'mbali, ugonthi wake uli cha pa madigiri 110. Imatulutsa mphamvu yochepa ya magetsi, 0.8 mV/Pa, pamene SM58 imatulutsa 1.85. Ambiri amaganiza kuti kufooka kumeneku ndiko kumakana gitala. Ayi. Mukakweza gain, mphamvu ya maiki polowa mu mikisa, mawu ndi gitala zimakwera limodzi. Chimene chimathandiza n'choti imakakamiza woimba kuika milomo pa mutu wa maiki. Mtunda ukachepa ndi theka, mawu amakwera ndi 6 dB, gitala ili pomwepo. Kuchoka pa masentimita 8 kufika pa 2 mwapindula 12 dB osalipira kanthu. Kuipa kwake: woimba wovina, amene amachoka pa maiki, mawu amangozimiririka, ndipo mikisa yotchipa imayamba kuchita phokoso la "sss" mukakweza gain kwambiri.

Maiki za mtundu wina wotchedwa condenser, monga Beta 87A, zimafuna magetsi ochokera ku mikisa (phantom ya 48V) ndipo zimatola mawu opyapyala a zingwe ndi zinganga za ng'oma. Pa siteji yaphokoso zisiyeni.

Tsono pali vuto limene palibe maiki ingalithetse. Ampulifaya ikakhala kumbuyo kwa woimba, yayang'anizana ndi kumaso kwa maiki, kumene zonse zinayi zimamva bwino. Woimba akangosuntha, gitala yalowa yonse. Ikwezeni pa mpando, muiike m'mbali mwa siteji, iloze khutu la woimba gitala, ndipo aitsitse. Kwa woimba ndi gitala ya bokosi, tsitsani sitandi, maiki iloze m'mwamba kukamwa kuti mbali yogontha iyang'ane gitala. Pa mikisa dulani zonse za pansi pa 100 Hz.

Achinyamata okonda kufumbata mutu wa maiki adziwe kuti akutseka mabowo akumbuyo, ndipo maiki imayamba kumva mbali zonse. Samalaninso ndi SM58 zabodza, zachuluka; yotchipa modabwitsa, ikaikireni.

Woimba wokhazikika pa sitandi pakati pa maampulifaya atenge OM7. Wodziimbira gitala ya bokosi, e945 kapena Beta 58A. Kumene maiki imodzi imadutsa m'manja mwa anthu asanu Lamlungu lililonse, khalani ndi SM58 musunthe ampulifaya.