Nyuzi ya pepala, e-paper yolipira, kapena zaulere za pa Facebook: ndalama ipite kuti?

Anzanga akhala akundifunsa kuti ndimagulirabenji nyuzipepala kwa venda pomwe nkhani zonse zili pafoni. Wina anachita kundiuza kuti ndikutaya ndalama ya ndiwo. Njira zitatu zomwe tili nazo kuno ndazilawa zonse: pepala lenilenilo, nyuzi yolipira ya pafoni ija amati e-paper, ndi nkhani zaulere za pa Facebook ndi WhatsApp. Ndiye ndiyankhe kamodzi.

Pa liwiro palibe chokangana. Nduna ikachotsedwa ntchito madzulo, Nyasa Times, Malawi24 ndi tsamba la Zodiak amakhala alemba kale inu musanasambe m'manja kuti mudye nsima. Pepala lidzakuuzani mawa, ndipo popeza The Nation ndi The Daily Times onse likulu lawo ndi ku Blantyre, wa ku Chitipa amalilandira nkhani itazizira.

Pa mtengo naponso pepala likuluza. Mapepala osindikizira ndi inki zimachokera kunja, zimafuna ndalama zakunja zomwe dziko likusowa. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa nyuzi unakwera nawo. Wogula tsiku ndi tsiku mwezi wathunthu ndi munthu wolimba thumba.

N'chifukwa chake ndinathamangira e-paper, ndipo apa ndi pomwe pali chilonda changa. Mtengo womwe amakuuzani umaoneka wotsika kuposa kugula pepala. Chomwe sanena n'chakuti pamwamba pa mtengowo pakwera zina. Polipira pafoni amakudulani kena. Bandulo yanu yotchipa ya WhatsApp ndi Facebook ija siitsegula nyuziyo, pamafunika bandulo ya intaneti yonse, ndipo tsamba lodzaza zithunzi ndi malonda limamwa data ngati mulibe chifundo nayo. Kuwerenga kwake nakonso n'kolimbana: tsamba linakonzedwera pepala lalikulu, ndiye pa foni ya itel mumangokhalira kulikulitsa ndi zala ziwiri, kukankhira kumanzere, kubwerera kumanja, mpaka mzere womwe mumawerenga wakusowani. Magetsi akathima tsiku lonse, batire mumaisungira kuimba, osati kuwerenga ndemanga ya mkonzi.

Zonsezi ndikanapirira. Chinandipweteka ndi ichi. Mphwanga anafunsira ntchito yomwe tinaiona mu e-paper imeneyo. Patapita miyezi anamuitana ku intaviyu, ndipo ankafuna kuwerenganso zomwe olemba ntchitowo ananena kuti akufuna. Nthawi yomwe ndinalipira inali itatha. Kutsegula, ndinapeza kuti atseka zonse, ngakhale nyuzi za miyezi yomwe ndinalipira ndalama yanga yonse. Nditaimba foni, mtsikana wina waulemu wake anandiuza kuti ndilipirenso kaye mwezi wina kuti ndione zakalezo. Dzina la kampaniyo sinditchula, koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti nyuzi ija sindinaigule. Ndinkachita lendi, ndipo landilodi anasintha loko katundu wanga ali m'nyumba.

Tsamba lomwe tinkafunalo tinakalipeza kumsika, kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa yemwe amagula nyuzi zakale zokulungira malonda ake. Anatilola kufufuza mumulu wake pansi pa benchi. Tinalipeza lili ndi dontho la mafuta pakona, koma mawu onse akuwerengeka, ndipo mayiyo anakana ndalama, anangoti tigule zitumbuwa. Pepala ukaligula ndi lako. Ukhoza kudula, kusunga mu fayilo, kupatsa mnzako, kukutira kope la mwana.

Ndipo silimawerengedwa ndi munthu mmodzi. Pitani pamalo ometera Loweruka, muone nyuzi imodzi itagawidwa patatu: wina watenga zamasewero, wina zandale, wina akuyang'ana ntchito. Mu staff room ya pasukulu imayenda manja ndi manja mpaka Lachitatu. E-paper ndi ya mwini foni yekha.

Nanga zaulere zija? Ndimaziwerenga, sindinama. Koma pa Facebook anthu amwalira kangapo ali moyo, ndipo wolembayo mawa lake amangofufuta osapepesa. Nyuzi yosindikizidwa ili ndi mkonzi, ili ndi ofesi yomwe mungakafikeko, mukhoza kuisumira kukhoti kapena kukadandaula ku Media Council of Malawi. Zimenezi zimachititsa mtolankhani kuimba kaye foni mbali zonse asanalembe. Masamba ena a pa intaneti amachitanso chimodzimodzi, koma ambiri amangotola zomwe anzawo a pepala akhetsera thukuta, n'kusintha mutu. Palinso ma PDF a nyuzi yathunthu omwe amagwa m'magulu a WhatsApp m'mamawa. Tonse timatsegula, koma tisanamizane, kumeneko n'kuba, ndipo wobedwayo ndi mtolankhani yemwe malipiro ake amadalira nyuzi zogulitsidwa.

Chinanso chomwe ochemerera foni amaiwala ndi chilankhulo. Masamba akuluakulu a nkhani pa intaneti amalemba kwambiri m'Chingerezi. Chichewa cholembedwa bwino, chodutsa m'manja mwa mkonzi, muchipeza mu Tamvani wa mu Weekend Nation ndi Tikambe wa mu Malawi News. Fuko, yomwe a Nation Publications anayambitsa kuti izigawidwa ulere m'Chichewa ndi Chitumbuka, komanso Boma Lathu ya boma, zinafika kwa anthu omwe bandulo sakuidziwa n'komwe. Agogo akumudzi simungawatumizire linki.

Kunja pepala likugwa, sindikana. The Independent ya ku Britain inasiya kusindikiza mu 2016 n'kutsala pa intaneti pokha. Ku South Africa kampani ya Media24 inasiya kusindikiza City Press, Rapport ndi Daily Sun mu 2024. Koma kwathu kuno chomwe chimapha nyuzi si foni yokha. Nthawi ya riferendamu mu 1993 kunabadwa nyuzi zambirimbiri, ndipo pafupifupi zonse zinafa intaneti isanafike m'manja mwa anthu. Zinafa ndi kusowa malonda. The Nation, yomwe malemu Aleke Banda anayambitsa chaka chomwecho, inapulumuka, pamodzi ndi Times yomwe mizu yake inayambira mu 1895. Zikuima chifukwa boma, mabanki ndi mabungwe amalengezabe ntchito, ma tender a makontirakiti ndi zidziwitso zawo papepala. Tsiku lomwe otsatsa amenewa adzasamukire pa intaneti, ine ndikuona kuti nyuzi ya mkati mwa sabata ndiyo idzayambe kugwa. Ya kumapeto kwa sabata idzakhalitsa, chifukwa munthu saigulira kudziwa chomwe chachitika, amaigulira kufufuza ndi ndemanga zomwe sizikalamba pa tsiku limodzi.

Ndiye ine ndimachita chonchi. Lolemba mpaka Lachisanu ndimadalira wailesi ndi masamba awiri atatu omwe ndimawakhulupirira. Loweruka ndimagula pepala, ndipo tsamba lililonse la ntchito ndimasunga. E-paper ndingailimbikitse kwa amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain, komwe venda wa nyuzi zakwathu kulibe ndipo WiFi si vuto. Kwa ife a kuno, ngati mwatsimikiza kulipira, funsani kaye ngati nyuziyo mungaitsitse n'kuisunga mufoni mwanu, komanso ngati zakale zimatsegukabe mwezi ukatha. Akayamba kuzungulira poyankha, ndalamayo kagulireni pepala.