Munda wa Villa Comunale ku Taormina: nyenyezi 4 mwa 5

Tinapita ku Taormina, pachilumba cha Sicily ku Italy, mwezi wa Julaye, ine ndi mayi a kunyumba. Msewu waukulu wa tawuniyi, Corso Umberto, unali utadzaza thothotho ndi alendo, ndipo chilichonse kumeneko n'cha ndalama. Ngakhale pokhala penipeni, uyambe wagula khofi. Ndiye titatsetsereka ndi Via Bagnoli Croce n'kupeza geti la mundawu lili chitsegukire, popanda wofunsa tikiti, tinayamba tayang'anana kaye. Kulowa ndi ulere ndithu.

Anayambitsa mundawu ndi mayi wina wa ku England, Florence Trevelyan, amene anadzakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1880 n'kukwatiwa ndi dokotala wa m'tawunimo, Salvatore Cacciola. Mayiyu ankakonda mbalame kwadzaoneni, moti anamanga tinyumba tosanjikizana ta njerwa, miyala ndi matabwa toti azikwerapo poziwonerera. Tinyumbati n'todabwitsa. Kena kamaoneka ngati kachisi wa ku Asia, kena ngati mmisiri ankangowonjezera chipinda tsiku lililonse malinga ndi mmene wadzukira. Mayi a kunyumba anati n'kuwononga njerwa. Ine ndinatikonda, ndipo mpaka pano sitinagwirizane. Mwiniwakeyo anamwalira mu 1907, kenako malowa anadzakhala a tawuni.

Maluwa ndi mitengo ziliko zambiri: migwalangwa, maolivi, bougainvillea. Kulinso chipilala chokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo.

Koma chondikhalitsa maola awiri chinali khonde lalitali loyang'ana kunyanja. Ukatsamira pampanda wake, pansi penipeni pali nyanja ya Ionian ndi gombe la Giardini Naxos, pamene Agiriki anamanga mudzi wawo woyamba pa Sicily cha m'ma 734 BC. Kutsogoloko phiri lophulika moto la Etna lili njoo, kautsi kakufuka pamwamba pang'onopang'ono. Pabenchi yoyandikana nafe panali agogo awiri, wina akuwerenga nyuzipepala, mnzake akuwodzera, osalicheukira n'komwe phirilo. Apa m'pamene ndinaona eni tawuni atakhala phee, osagulitsa kanthu kwa munthu.

Ife tinalakwitsa kufika masana dzuwa lili paliwombo. Mithunzi ilipo, koma mabenchi abwino anali atatengedwa kale. Mukapita, pitani m'mamawa kapena chakumadzulo, mutenge botolo la madzi. Tinjira take n'toyalidwa timiyala ndi njerwa, choncho nsapato za gogoda zisiyeni kuhotela.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha chitunda cha pobwerera, ngakhale ndikudziwa kuti si mlandu wa munda. Ndinafika pamwamba ndili wefuwefu, thukuta kamukamu, n'kulowa m'kalesitilanti kena kukagula granita wa mandimu, chakumwa chotsekemera cha madzi oundana. Mtengo wake unabweza yonse imene ndinapulumutsa pageti paja.